Nsanza Zofiira za M'phiri la Mchinji

Nambala 117 ndinaimanga ndekha pachifuwa
ndi mapini anayi a m'shopu mwanga,
omwe aja ndimagwirira madiresi a akwati.
Tinanyamuka tambala asanalire kachiwiri,
matochi pamphumi,
ngati ziphaniphani zosochera kuseri kwa boma.

Makilomita makumi asanu.
Tepi yanga yoyezera nsalu imathera m'chiuno mwa munthu.

Dokotala anangoti, shuga wakwera, mayi, muziyendako.
Sanati muzithamanga.
Zinazo ndinawonjeza ndekha
monga ndimawonjezera thumba pa siketi
mwini wake asanapemphe.

Khumi oyambirira anali a ulere:
mame, minda ya mtedza wokumba kale,
galu wina amene anatiperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo
nabwerera, ataona kuti tilibe nzeru.

Kenaka phiri.
Njira inasanduka ya mbuzi,
miyala ikugubuduka pansi pa nsapato zanga za pa kaunjika,
chitedze chinandipatsa moni pa katumba,
ndipo ndinaphunzira kuti pa chikweza
ngakhale akatswiri amayenda, manja pa mawondo.

Tinkatsata nsanza zofiira zomangidwa pa misuku.
Nsalu yotchipa, yodulidwa ndi sizasi yobuntha.
Miyendo inkalira zake,
koma diso la telala linkadandaula za m'mphepete.

Pa makumi atatu, tebulo pansi pa mbawa:
nthochi, mbatata yophika, mchere m'chivindikiro cha botolo.
Ndinavula sokosi.
Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada,
chikugwedera ngati batani la ulusi umodzi.
Mtsikana wa mabandeji anati, mukhoza kulekera pano,
galimoto ilipo.
Ndinaiyang'ana galimotoyo nthawi yaitali.
Munali mthunzi mkati mwake.

Masana dzuwa linandikhala pakhosi ngati simbi yamakala.
Ndinasanza.
Ndinatukwana Zelipa, mng'ono wanga,
amene anandilembetsa pa foni yake akuseka.
Ndinawerenga mapazi mpaka zana, n'kuyambiranso,
n'kusokoneza, n'kuyambiranso.
Mayi wina, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana,
anandipitirira pa chitunda wopanda nsapato,
natembenuka thupi lonse, poti khosi linali pa ntchito:
Kodi akukuthamangitsani ndani?
Ndinafuna kuyankha. M'kamwa munali thonje.

Wondithamangitsa analipo ndithu:
Lekisoni, mnyamata womasula nsanza,
wotsiriza pa onse, thumba lake likufufuma.
Ndikadutsa mtengo, iye amasula.
Kumbuyo kwanga njira inkafufutika
ngati choko pa nsalu yochapa.
Sanandifulumize. Anangoti, kwatsala khumi, amayi.
Titawoloka khwawa, titakwera, titatsika,
anati, kwatsala khumi basi.
Sindinafunse ngati ndi nsanza kapena makilomita.

Potsika mawondo anakana kuposa pokwera.
Ndinatsika chammbali ngati nkhanu,
ndikugwira udzu, ndikupepesa chala changa.
Malata a ku boma anayamba kung'anima pansipo,
osayandikira, kumangong'anima.

Pa bwalo anali atayamba kupinda matenti.
Zelipa yekha anakuwa ngati mpingo wonse.
Anandikoleka kachitsulo pakhosi,
lamba wake wosokedwa mokhota.
Maola khumi ndi limodzi,
ndi mphindi zina zimene sindiuza munthu.

Lolemba ndinatsegula shopu mochedwa.
Phazi linakana kupalasa makina.
Ndinakhala pakhomo ndi singano ya pamanja,
ndipo Lekisoni anatulukira ndi thumba lija:
akuti chaka chamawa zidzafunikanso,
kodi mungazipinde m'mphepete?

Ndinamuuza mtengo, osachotsera.
Ndinatola imodzi.
Inali ndi chisoso, inkanunkha utsi wa lupsa,
ndipo mfundo yake inali isanamasuke bwino.
Ndinaimasula ndi mano.